Mwana akachira katsabola kapena chikuku kenako n'kuyamba zachilendo, osadikira kuche

Dzulo m'mawa ndili pa mzere pa mjigo ndinamva mayi wina akuuza anzake kuti mwana wawo katsabola wachira bwinobwino, zilonda zauma, koma akungogona tsiku lonse ndipo ukamudzutsa akumayankha zina zina. Anzakewo akuti aaa ndi kufooka chabe kumeneko, muphikireni phala la mgaiwa lothira nsinjiro adzuka. Ine mtima unangoti myuu chifukwa mawu amenewa ndi omwe tinkauzana ife chaka chatha mwana wa mng'ono wanga atayamba zomwezi, ndipo tinatsala pang'ono kumutaya. Nde ndati ndilembe kuno za kutupa kwa ubongo kumene kumatha kubwera mwana atachira matenda ngati amenewa, mwina wina zimuthandiza. Ndineneretu, ine si nesi si dokotala, ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road ku Salima kuno, kungoti ndinakhala gadiyani masabata atatu athunthu ndipo ndinafunsa mafunso mpaka manesi akangondiona amayamba okha kuseka kuti mayi aakulu aja akubwera ndi funso lina.

Wathuyu ndi mnyamata, nthawi imeneyo anali ndi zaka 6, sitandade 1. Katsabola anamugwira mu Okutobala dzuwa lija likuswa mtengo, ana ambiri kusukulu kwawo anadwala ndipo palibe anatekeseka chifukwa katsabola timamudziwa tonse, amabwera n'kupita. Patatha masiku ngati 9 zilonda zitauma, ndikumuona akuchokera kuseri kwa nyumba akudzandira ngati bambo wochokera ku kachasu, ife n'kumaseka kumati akupanga dala. Madzulo kumupatsa kapu ya thobwa dzanja likumaiphonya kapu ili pamaso pake pomwepa. Kenako mutu, kusanza, thupi moto. Agogo ake akuti "mwanayu waponda mankhwala, musakamubayitse jakisoni mumupweteka", bambo ake akuti "ndi malungo awa amayi, kunyanja kuno tingayembekezerenso chani". Kukayezetsa, mizere iwiri, kulandira LA, tonse mtima pansi. Tsiku lachiwiri la LA mwana sakuwadziwanso mayi ake, usiku wake cha m'ma 1 koloko anakomoka, thupi lonse gwaa maso atatembenuza.

Pa nkhani ya mizere iwiriyi mundimvetse bwino. Kuno ku Salima, Nkhotakota ndi konse kwa m'mbali mwa nyanja ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi olo asakudwala, komanso kachipangizo koyezera kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri patapita masabata mwana atachira kale malungo. Nde mizere iwiri sikutanthauza kuti vuto ndi malungo okha ayi. LA mupatseni ndithu monga akuuzirani, koma ngati mutu wa mwana wasintha, LA wa pakhomo sakwanira, kaya ndi malungo a mu ubongo kaya ndi kutupa kwa ubongo kumene ndikunenaku, zonse ziwiri ndi za ku wodi.

Kutupa ubongoko n'chani kwenikweni

M'buku la kuchipatala amalemba kuti encephalitis. Mmene anandifotokozera kilinikolo ofisa wina woleza mtima, zimabwera mwa njira ziwiri. Pena kavairasi kenikeniko kamalowa mu ubongo, monga ka herpes kaja kamatulutsa tizilonda ta pamilomo munthu akadwala malungo kapena chimfine, kapena ka chikuku, ka matsagwidi, ena a m'mimba omwe amangoyamba ngati kutsegula ndi chimfine, ndi ka chiwewe. Koma pena vairasi yapita kale, mwana wachira, nde asilikali a m'thupi amene ankamenyana nayo aja amasokonezeka n'kuyamba kumenya za kwawo komwe. Mitsempha ya mu ubongo ili ndi chokutira chake ngati pulasitiki wa pa waya wa magetsi, asilikaliwo amayamba kusenda chokutiracho, nde uthenga wochoka ku mutu kupita ku mwendo kapena ku diso sukuyendanso bwino. Mtundu umenewu amautcha ADEM, umakonda ana kuposa akulu, ndipo kawirikawiri umabwera sabata imodzi mpaka atatu chidwalireni mwana. Kuipa kwake ndi kumeneko, umabwera inu mutapuma kale, mutauza kale azibale kuti zikomo wachira.

Si mwana aliyense wa katsabola kapena chimfine amafika pamenepa ayi, ndi ochepa kwambiri, musayambe kuthamanga ndi mwana aliyense woyetsemula. Pa chikuku amawerenga kuti mwana mmodzi pa ana 1,000 odwala ndi amene ubongo umatupa. Koma akakhala wako mmodziyo, nambala sikutonthoza.

Zoyang'ana

Chachikulu si kutentha thupi, ndi khalidwe. Inu mayi mumamudziwa mwana wanu kuposa dokotala aliyense, nde funso ndi loti kodi uyu ndi yemwe uja? Mwana wongogona, ukamudzutsa akungotsegula maso pang'ono n'kugonanso, kapena wofatsa uja wasanduka waukali akuluma anthu akulira kosatonthozeka, akubwebweta, akuona zinthu zoti palibe, sakudziwa anthu a pakhomo, mawu akutuluka molemera ngati lilime latupa, akudzandira, mkono umodzi kapena mwendo wafooka, akuti akuona ziwiriziwiri kapena sakuona bwino, diso layamba kuyang'ana kumbali, mutu ukupweteka kwambiri akusanza chilichonse, khosi lauma, akudana ndi kuwala, mkodzo ukukanika kutuluka kapena wayambanso kukodzedwa pomwe anasiya kalekale. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka mwa mwana amene wangodwala kumene masabata apitawa, nyamukani. Kwa khanda n'kovuta chifukwa silinena, nde onani liwombo ngati lafufuma mwana asakulira, wasiya kuyamwa, walobodoka thupi kapena wauma, kulira kwake kwasintha kukumveka kosongoka. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi basi, olo popanda china, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Kayeso kophweka komwe ndimauza anthu, muitaneni dzina, mufunseni uyu ndani mukuloza munthu wa pakhomo, mupatseni sipuni agwire, muuzeni ayende kuchoka pakhomo kufika pa mtengo. Wamng'ono mugwedezereni makiyi kapena foni muone ngati maso akutsatira, muikeni ku bere muone ngati akugwira. Mphindi ziwiri zokha mwadziwa.

Akakomoka

Apa nde pamene tinalakwitsa kwambiri ife, chifukwa aliyense anabwera ndi nzeru zake, wina sipuni kukamwa, wina kumuthira madzi, agogo akufukiza masamba utsi tolo m'nyumba. Zonsezo ayi. Mugonekeni pansi pa mphasa chammbali, nkhope iloze pansi pang'ono kuti malovu ndi masanzi azituluka, chotsani mbaula, nyali, mipando pafupi, mumasuleni zovala, musamupanikize manja ndi miyendo, ndipo mkamwa musaikemo kanthu, sipuni ayi chala ayi madzi ayi mankhwala ayi. Zoti ameza lilime ndi nkhambakamwa, koma sipuni imathyoladi mano ndipo madzi amapitadi ku mapapo. Zoti mukagwira malovu ake kapena akaphwisa mutenga khunyu ndi bodzanso, mugwireni mwana wanu.

Wina ayang'ane nthawi pa foni. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, kapena akasiya n'kuyambiranso asanatsitsimuke, musadikire kuti asiye kaye, mufukateni chammbali chomwecho muzipita, kuchipatala ali ndi mankhwala oletsa, ena amachita kuika kumbuyo. Ndipo ngati pali wa foni ya kamera ajambule kavidiyo, ndikudziwa zimaoneka ngati nkhanza kujambula mwana ali choncho, koma adokotala amafuna kuona ngati ndi thupi lonse kapena mbali imodzi, ndipo ife a mantha tikafika timafotokoza zosiyana aliyense. Pali ana ena a miyezi 6 mpaka zaka 5 amene amakomoka chifukwa cha kutentha thupi chabe, kwa kanthawi kochepa kenako n'kubwerera mwakale, koma zosiyanitsazo si ntchito yanu ya pakhomo, akasiyanitse okha kumeneko.

Ulendo wake

Usiku thiransipoti ndi imene imapha. Ngati mumakhala kutali monga ku Lifuwu, Thavite, Chinguluwe kapena kuseri kwa Khombedza, khalani ndi nambala ziwiri za anyamata a njinga yamoto mu foni, osati imodzi chifukwa mmodziyo tsiku limenelo mupeza foni yazima. Kandalama ka mafuta kazikhala pa Mpamba kapena Airtel Money kosakhudza, olo mutakabwereka ku banki m'khonde. Ndipo amayi, musadikire bambo abwere kuchokera kunyanja kapena amalume apereke chilolezo, muwaimbira muli m'njira. Pa njinga mwana osamubereka kumbuyo, mutu umagwa khosi n'kupindika inu osaona, mufukateni kutsogolo chammbali pakati pa inu ndi woyendetsa kuti muzimuona kupuma. Pitani pa chipatala chimene chili pafupi kaye. Ngati ndi wosakwana zaka 5 ndipo mlangizi wa zaumoyo ali m'mudzi momwemo, amatha kumuika mankhwala a malungo a kumbuyo aja kuti afike nawo ku chipatala, koma amenewo ndi oyambira chabe, si oti mubwerere nawo kunyumba.

Tengani buku lake la kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene wamwa olo atatha, zitenje zingapo, bulangete, kapu, beseni ndi chaja. Mukafika musakhale pa mzere mwaulemu, pitani kutsogolo mukanene kuti mwana wakomoka kapena sakudzuka, ana otere amaonedwa msanga ndi lamulo lake.

Mukafika kwa adokotala, nenani zonse

Ichi nde chimene ndalembera nkhani yonseyi. Ife tinafika n'kungoti mwana wakomoka, anapezeka ndi malungo, basi. Za katsabola palibe anatchula chifukwa tinkati zinatha kale, mpaka m'mawa mwake adokotala akumupima anaona timabala pamsana n'kufunsa kuti "mayi, izi n'chani?" Mng'ono wanga akuti "ndi katsabola adokotala koma anachira". Anangotiyang'ana n'kuyamba kulemba zina. Nde inu musadikire kufunsidwa. Bwererani m'mbuyo mwezi wathunthu, nenani kuti anadwala chakuti tsiku lakuti, anatuluka zotupa zotere, masaya anatupa, anatsegula m'mimba, kusukulu kuli matenda akuti, katemera analandira kapena anaphonya, LA wamwa masiku angati ndipo sakusintha.

Galu kapena mphaka ngati anamuluma kapena kumukanda olo miyezi itatu yapitayo, nenani. Ku Queens ku Blantyre ochita kafukufuku anapezapo ana ena amene ankaganiziridwa malungo a mu ubongo koma anali chiwewe. A ku Nkhotakota okhala kufupi ndi nkhalango ya nyama, nenani ngati ntchentche za kashembe zimamuluma, matenda a kaodzera nawonso amafika ku ubongo. Za HIV, za munthu wa TB pakhomo, nenani osachita manyazi. Ndipo ngati munadzera kwa asing'anga n'kumumwetsa zakumwa, ulurani, mwina akukalipirani pang'ono koma bola kukalipiridwa, iwo akufuna adziwe chimene chili m'mimba mwa mwana.

Muona akumutsina kapena kumudina pa chikhadabo kapena pachifuwa, musakwiye, akuyeza kuti wakomoka kufika pati, akuona kulira kwake, maso ake ndi mmene akuchotsera dzanja, n'kupereka malikisi kuyambira 0 mpaka 5. Kayezedwe kameneka dzina lake ndi Blantyre Coma Score, kanapangidwira ku Malawi konkuno ndipo maiko ena amagwiritsa ntchito komweka. Amayezanso shuga wa m'magazi chifukwa akatsika yekha amakomola mwana.

Madzi a pamsana

Eee, apa panali nkhondo. Atangoti tikufuna titenge madzi a pamsana, agogo anayamba kumanga katundu kuti tiyeni tizipita, "mdzukulu wanga sapita kumeneko, wa kwa uje anamutenga madzi mawa lake maliro". Ndikudziwa ambiri mumaganiza chomwecho. Koma taganizani, amene amatengedwa madzi ndi ana amene afika atadwalitsitsa kale, nde wina akamwalira timaloza singano m'malo moloza matenda ndi masiku amene tinataya kunyumba. Ine ndinalowa nawo, ndinamugwira ndekha atapinda msana, singano imalowa m'munsi mwa msana, amadontheza timadontho m'kabotolo, madzi ake oyera ngati a pa mjigo, mphindi zochepa zatha. Thupi limapanganso ena tsiku lomwelo. Madzi amenewo ndi amene amawauza ngati ndi matenda oumitsa khosi a bakiteriya, TB kapena vairasi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pena adokotala okha amati tidikire kaye chifukwa mwana wakomoka kwambiri, amayamba mankhwala n'kudzatenga pambuyo, zimenezo azisankhe iwo osati mantha athu. Okosijeni chimodzimodzi, chubu cha phala cha m'mphuno chimodzimodzi, sizipha, musazule usiku manesi atatuluka.

Mankhwala amayamba angapo nthawi imodzi asanadziwe chenicheni, jakisoni wa artesunate wa malungo aakulu, ceftriaxone wa bakiteriya, ndipo akaganizira herpes kapena katsabola amapereka aciclovir wa mu diripi. Ameneyu ndi wa masiku ambiri, pa herpes ndi masiku 14 mpaka 21, ndipo herpes wa mu ubongo akapanda mankhwala amapha anthu 7 pa 10 alionse, nde mwana akatsegula maso tsiku lachisanu n'kupempha mandasi musayambe kuvutitsa kuti atitulutse tikakolole. Ukakhala mtundu wa asilikali osokonezeka uja amapereka masteroid oti asilikaliwo afatse, ndipo ana ambiri a ADEM amachira bwino ndithu. Akakuuzani kuti tikukutumizani ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akamujambule mutu kapena akaonedwe ndi madokotala a ana, musakane poopa zodya kumeneko, ndi ulendo wa makilomita ngati 100 kuchoka pa Salima, ife tinapita ndipo sitinafe ndi njala, magadiyani amagawana ufa.

Ntchito ya gadiyani ndi kuona. Mutembenuzeni maola awiri alionse ngati sakudzitembenuza yekha kuopa zilonda, werengani kuti wakodza kangati, kukomoka kwina kumakhala kobisika, kamlomo kokha kapena chala kumangonjenjemera kapena maso kumangophethira, itanani nesi. Osamuthira phala kukamwa asanadzuke bwinobwino. Ine ndinagula kope la ana asukulu n'kumalemba nthawi ya chilichonse, pa raundi adokotala amayambira kwa ine.

Kunyumba

Kutuluka si kuchira. Wathuyu anatuluka akuyenda mogwira khoma, amatopa msanga, ukali wosaneneka, nyimbo za kusukulu zomwe ankaimba anaziiwala. Musamumenye, si mwano. Mafizo pitani nawo ndipo zimene akuphunzitsani kumeneko muzichita pakhonde tsiku ndi tsiku, kutola nyemba kuika m'botolo, kuponyerana mpira wachikulunga, kuyenda pa mzere wojambula pansi. Muyeseni makutu, muitaneni chapansipansi muli kumbuyo kwake, ngati sakutembenuka kanenani pa tsiku la cheki. Aphunzitsi auzeni chimene chinachitika kuti amukhazike kutsogolo, ndipo auzeni kuti kutupa ubongoko sikupatsirana, anzake asamuthawe. Ngati anamupatsa mankhwala oletsa kukomoka osasiya mwadzidzidzi olo papite miyezi asanagwe, kukatenga ena asanathe. Ndipo ife a kunyanja, mwana wotere asapite kukasamba yekha ndi anzake, asakwere bwato, asakhale yekha pa moto, pa chitsime kapena mu mtengo wa mango mpaka adokotala atanena.

Zopewera ndi zochepa koma zilipo. Katemera wa chikuku ndi rubella ndi kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ambiri wachiwiriyu timaphonya chifukwa mwana akayamba kuyenda sikelo timaisiya. Amene munalipo 2010 mukukumbukira chikuku chija chinagwira anthu oposa 100,000 dziko lino, ndipo chikuku chili ndi kakhalidwe kena koipa, kavairasi kamatha kubisala mu ubongo n'kudzadzuka patapita zaka mwana ali kale kusukulu, mtundu umenewo ulibe mankhwala. Katsabola ndi matsagwidi sizili pa katemera wa kusikelo, nde pamenepo ndi maso anu basi. Mwana wa katsabola kapena chimfine mupatseni Panado osati aspirin, ndipo timapiritsi ta mutu ta m'golosale tina muli aspirin, werengani kapena funsani, chifukwa aspirin kwa mwana wa vairasi amatha kuononga chiwindi ndi kutupitsa ubongo. Wa chilonda cha pamlomo asapsompsone khanda, olo akhale apongozi, muwauze mwaulemu. Galu akaluma tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 n'kupita tsiku lomwelo kukafunsa katemera. Neti mukudziwa kale.

Mayi a pa mjigo aja sindinapirire, ndinasiya ndowa pa mzere n'kuwatsatira kwawo. Kamtsikana ka zaka zinayi kali gone pa mkeka, ndinakaitana dzina katatu, kanatsegula maso n'kuyang'ana kudenga, ndinafunsa kuti awa ndani ndikuloza mayi ake, zii. Ndinawapatsa nambala ya mnyamata wa njinga yamoto amene anatinyamula ife uja, ndinawakumbutsa buku, ndipo njinga ikunyamuka ndinathamangira kuwakuwira kuti akafika akayambe n'kunena za katsabola. Ndowa yanga ndinakaipeza ana ataitungira kale.